Foni yobedwa yapezeka inshuwalansi italipira kale: kodi ndi ya yani?

Chidule cha khutbah ya Jumu'ah, Zalewa, m'boma la Neno

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah (Subhaanahu wa Ta'ala) amene amaona zoonekera ndi zobisika. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad (Swalla Allahu alayhi wasallam), akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, khutbah yathu ikuchokera pa funso limene m'bale wina wochita malonda kuno ku Zalewa anatibweretsera. Tonse tikulidziwa piringupiringu la pamphambano pano, pomwe msewu wa ku Mwanza umapatukana ndi wa M1. M'bale ameneyu anasololedwa foni m'thumba akukwera minibasi. Anakanena kupolisi, natengera kalata ya apolisi ku kampani ya inshuwalansi, ndipo kampaniyo inamulipira ndalama zogulira ina. Patapita miyezi wakubayo anagwidwa, foni ija inazindikiridwa ndi nambala ya IMEI yomwe inali pa katoni yake, ndipo inabwezedwa. Lero ali ndi mafoni awiri, ndiye akufunsa kuti: "Sheikh, kodi imeneyi si rizq yochokera kwa Allah?"

Yankho lathu ndi lakuti ayi. Ndalama zija sizinali mphatso. Zinabwera kudzalowa m'malo mwa foni yosowa, ndipo ma Ulama a Fiqh ali ndi mfundo yakuti chinthu ndi mlowam'malo wake sizikhalira limodzi m'manja mwa munthu mmodzi.

Kuti timve bwino, tiyerekeze ndi za kunyanja. Munthu watenga bwato la mnzake popanda chilolezo, mwera walikokolola, iye walipira mtengo wake kwa mwini. Kenako bwato lija lapezeka pa gombe lina. Madh-hab a Imam Shafi'i (Allah amuchitire chifundo), omwe ambiri a ife timatsatira, akuti mwini atenge bwato lake, abweze ndalama, chifukwa ndalamazo zinali zongomugwirizira pa nthawi imene anasiyanitsidwa ndi katundu wake. Madh-hab a Imam Abu Hanifa (Allah amuchitire chifundo) akuti mwini akalandira mtengo umene iye anautchula, bwato limasanduka la wolipirayo. Njira ndi ziwiri, koma palibe mwa iwo amene analola kuti mwini akumbatire bwato ndi ndalama zomwe. Kampani ya inshuwalansi siinalande kanthu, koma mfundo yake ndi yomweyo.

Kuonjezera apo, m'bale wathuyu anasaina mgwirizano. Kawirikawiri migwirizano ya inshuwalansi imanena kuti kampani ikalipira mtengo wa katundu wobedwa, katunduyo akapezeka amakhala wa kampani. Ndime yoyamba ya Surat Al-Maida ikulamula okhulupirira kukwaniritsa mapangano. Ndime 58 ya Surat An-Nisa ikulamula kubweza amaanah kwa eni ake, ndipo ndime 29 ya surah yomweyo ikuletsa kudyerana chuma mopanda chilungamo. Choncho kuyambira tsiku limene anailandira kupolisi, foni ija ndi amaanah m'manja mwake.

Wina anena kuti: "Nanga si inshuwalansiyo ndi yoletsedwa kale?" Ndi zoona kuti mu December 1985, bungwe la ma Ulama la Islamic Fiqh Academy litakumana ku Jeddah linagamula kuti inshuwalansi ya malonda ndi haraam chifukwa cha gharar, kutanthauza kusadziwika kwa zomwe munthu adzapeze pa zimene akulipira. Linalimbikitsa njira ya Takaful, momwe anthu amasonkha kuti azithandizana, yomwe kampani yake yoyamba inatsegulidwa ku Sudan mu 1979. Koma kulakwika kwa mgwirizano si chilolezo cha chinyengo. Nyansi sizitsukidwa ndi nyansi zinzake. Ndipo ngati inali Takaful, ndalamazo zinatuluka m'thumba la osonkha anzake, kotero kubisa foni ndi kuwadyera abale ake omwe.

Winanso anena kuti: "Kampani ndi yolemera, ndipo siidzadziwa." Tikumbukire chaka cha 622, pamene Mtumiki (Swalla Allahu alayhi wasallam) ankasamuka ku Makkah kupita ku Madinah. Anamusiya Ali bin Abi Talib (Radhiya Allahu anhu) kuti abweze katundu amene anthu a ku Makkah anamusungitsa, pomwe akuluakulu a mzindawo anali atapangana zomupha. Ngati amaanah inabwezedwa pa nthawi yoteroyo, ife tidzawiringula chiyani tsiku la Qiyaamah?

Tsono amene wakumana ndi nkhani yotere achite izi. Choyamba, adziwitse kampani msanga polemba kalata, aphatikizepo mapepala a kupolisi, ndipo asunge kope lake. Chachiwiri, achotse zithunzi, manambala ndi mauthenga ake m'fonimo, chifukwa zimenezo ndi zake ndiponso zinsinsi za banja lake. Chachitatu, amvane ndi kampani pa chimodzi: kupereka foni, kubweza ndalama, kapena kuigula pa mtengo wogwirizana ndi momwe yathera. Kampani ikamuuza kuti aisunge, apemphe kuti zilembedwe, ndipo pamenepo foniyo yasanduka halaal kwa iye.

Yankho lisanabwere, asaigulitse ndipo asampatse mwana kapena mkazi wake. Kuipereka ngati swadaqah sikumuyeretsa, pakuti mwini wake ndi wodziwika ndipo khomo lake ndi lofikirika. Amene anaigulitsa kale achite tawbah, akaulule ku kampani, nabweze zimene agwirizane.

Tichenjezenso ogula mafoni otchipa modabwitsa pa siteji, opanda katoni kapena lisiti. Katundu wobedwa amakhalabe wa mwini wake ngakhale atadutsa m'manja khumi, ndipo wogulayo akamufune amene anamugulitsa.

Abale olemekezeka, foni imatha m'zaka zochepa, koma kaundula wa ntchito zathu adzatsegulidwa pamaso pa Allah. Timupemphe Allah atikwaniritse ndi halaal, atitalikitse ku haraam, ndipo atiike m'gulu la osunga amaanah. Ameen.