Chimene Chimaletsa Asilikali a M'thupi Kuukira Mwini Thupi

Maselo a T ndi gulu la asilikali a m'thupi limene limasaka ndi kupha maselo omwe alowedwa ndi mavairasi. Asilikaliwa akasokonezeka n'kuyamba kuukira ziwalo zabwinobwino, munthu amadwala matenda monga nyamakazi yotupitsa mfundo, kapena shuga wa mtundu woyamba, amene amayamba maselo opanga insulin akawonongedwa. Thupi lili ndi njira ziwiri zikuluzikulu zopewera ngozi imeneyi.

Njira yoyamba ndi kusefa. Maselo a T amachokera m'mafuta a m'mafupa, koma amakakhwimira mu thymus, kachiwalo kamene kali kuseri kwa fupa la pachifuwa. Mmenemo selo lililonse limaonetsedwa tizidutswa ta mapuloteni opezeka m'ziwalo zosiyanasiyana za thupi. Limene lagwira tizidutswato mwamphamvu, kusonyeza kuti likhoza kudzaukira mwini thupi, limafa lisanalowe m'magazi.

Komabe ena oopsa amapulumuka, ndipo apa m'pamene pamafunika njira yachiwiri. Mu 1995, Shimon Sakaguchi wa ku Japan anasonyeza kuti pakati pa maselo a CD4, omwe aja amawerengedwa mwa anthu amene ali ndi HIV, pali kagulu kamene ntchito yake ndi kuletsa anzake. Mbewa zimene zinapatsidwa maselo a T opanda kaguluka zinadwala m'ziwalo zingapo, pamene zolandira kaguluka sizinadwale. Maselo oletsawa amatulutsa timadzi tofooketsa anzawo, komanso amalanda interleukin-2, puloteni imene asilikali amafunikira kuti achulukane.

Mu 2001, Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell a ku America anapeza kuti jini yotchedwa Foxp3 ikawonongeka, mbewa zimaukiridwa ndi chitetezo chawo chomwe, ndipo ana a anthu amadwala matenda oopsa a IPEX. Mu 2003, Sakaguchi anatsimikizira kuti jini imeneyi ndi imene imalamulira kakulidwe ka maselo oletsa aja. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel ya zachipatala mu 2025.

Akatswiri akufufuza mmene angachulukitsire maselowa mwa anthu amene aikidwa impso kapena chiwindi cha munthu wina, kuti thupi lisachikane. Kumbali ya khansa cholinga n'chosiyana. Zotupa zina zimasonkhanitsa maselo oletsawa kuti zidziteteze, choncho madokotala akufunafuna njira yowachepetsera pa chotupa pokhapo popanda kumasula asilikali m'thupi lonse.