DZINA LA "DERBY" LINACOKERA KU AKAVALO

Anthu ambiri m'tauni ya Kafue ndi midzi yozungulira amamva liu lakuti "derby" pa wailesi pamene matimu a mpira a Nkana ndi Power Dynamos akumana ku Kitwe. Koma ndi ocepa amene adziwa kuti liuli linayambira pa mpikisano wa akavalo ku Mangalande.

Mpikisanowo ucitika caka ndi caka pa bwalo la Epsom, kufupi ndi London, ndipo unayamba pa 4 May 1780. Akavalo othamanga ndi a mtundu wosankhika, a zaka zitatu cabe, motero kavalo ali yense ali ndi mwai umodzi wokha pa moyo wace. Poyamba anali kuthamanga mailo imodzi, koma m'caka ca 1784 mtunda unaonjezedwa kufika pa mailo imodzi ndi theka, ndiko kuti pafupifupi mamita 2,400.

Akuluakulu awiri ndiwo anauyambitsa: mfumu ya Cingelezi yochedwa Earl of Derby ndi bwenzi lace Sir Charles Bunbury. Nkhani imamveka kuti anaponya ndalama ya citsulo m'mwamba kuti aone mwini dzina, ndipo mwai unagwera Derby. Bunbury sanapite cimanjamanja, pakuti kavalo wace Diomed ndiye anapambana caka coyambaco. Mwini dzina anayembekeza kufikira 1787 kuti kavalo wace Sir Peter Teazle apambane.

Dzinali linaoloka nyanja. Ku Amereka kuli Kentucky Derby kuyambira 1875, ndipo ku Johannesburg kuli South African Derby pa bwalo la Turffontein. M'kupita kwa nthawi liuli linalowanso mu mpira, kutanthauza masewera a matimu a m'dera limodzi.

Kuno kwathu akavalo sanaculuke cifukwa ca kashembe ndi matenda ena, koma njuga imene itsatana ndi mipikisano yotere inafika kale, ndipo tsopano anyamata abecha ndi pa foni pomwe. Makolo akumbutse ana kuti Mfumukazi Elizabeth II, amene anaweta akavalo moyo wace wonse, anamwalira mu 2022 osapambanako Derby. Kavalo wace Aureole anangokhala waciwiri mu 1953. Ngati mwini khola lotere analephera, ndalama ya feteleza kapena ya sukulu siyenera kuikidwa pa mwai.