Chidebe chosaoneka chimene chimasungunula mankhwala m'labotale

Tonse tikudziwa kuti mafuta ophikira akagwera m'madzi amangoyandama pamwamba, ngakhale titawatakasa chotani. Vuto lomweli limasautsanso asayansi. Mankhwala ambiri atsopano amene akufufuzidwa ali ndi khalidwe la mafuta, ndipo sasungunuka m'madzi. Komatu magazi athu, ngakhalenso madzi amene maselo amaleredwamo m'labotale, mbali yake yaikulu ndi madzi enieni. Mankhwala akakana kusungunuka amadikha pansi pa botolo, ndipo wofufuza sangadziwe mlingo umene maselo kapena mbewa zalandira.

Chimodzi mwa zinthu zothetsera vutoli ndi ufa woyera wotchedwa hydroxypropyl-beta-cyclodextrin, mwachidule HPBCD. Gwero lake ndi sitachi wa mu chimanga kapena mbatatesi. M'chaka cha 1891, wasayansi wa ku France, Antoine Villiers, adaona timiyala toyera tikupangika pamene mabakiteriya ankagaya sitachi. Pambuyo pake Franz Schardinger wa ku Austria adatifufuza mozama. Lero tikudziwa kuti timiyalati ndi tizidutswa ta shuga wa glucose tolumikizana mozungulira ngati mkanda. Tikakhala 6 dzina lake ndi alpha, tikakhala 7 ndi beta, tikakhala 8 ndi gamma.

Mkandawu umaoneka ngati chidebe chobooka pansi. Kunja kwake kumagwirizana ndi madzi, pamene mkati mwake mumagwirizana ndi zamafuta. Kachidutswa ka mankhwala okana madzi aja kamalowa mkati n'kubisala, ndipo madzi amangokhudza kunja kwa chidebecho n'kuchinyamula pamodzi ndi katundu wake. Mankhwalawo samatirira mpaka kalekale. Amalowa ndi kutuluka, choncho akafika m'thupi amamasuka n'kugwira ntchito yake.

Beta-cyclodextrin wachilengedwe ali ndi zofooka ziwiri. Amasungunuka pang'ono, magalamu osakwana 2 m'mamililita 100 a madzi, ndipo amawononga impso akabayidwa mumtsempha. Asayansi atalumikizako timagulu ta hydroxypropyl adapeza HPBCD, amene magalamu ake oposa 50 amasungunuka m'madzi omwewo, komanso thupi limamupirira bwino.

Pofuna kudziwa mlingo woyenera, ofufuza amatsatira njira imene Takeru Higuchi ndi Kenneth Connors adafotokoza mu 1965. Amaika mankhwala ochuluka m'mabotolo angapo, botolo lililonse lili ndi HPBCD woposa linzake. Amawakhutchumula mpaka kusungunuka kutaima, kenako amasefa n'kuyeza mankhwala amene alowa m'madzi. Luso limeneli lafika kale m'zipatala. Mu mankhwala akumwa a itraconazole, olimbana ndi mafangasi, mililita imodzi imakhala ndi mamiligalamu 10 a mankhwala ndi mamiligalamu 400 a HPBCD.

Koma chidebechi sichimangonyamula katundu, ndipo apa ndi pamene ofufuza ayenera kusamala. Mu 2004, ofufuza ku America adalengeza kuti mankhwala a allopregnanolone akuthandiza mbewa zodwala Niemann-Pick mtundu C. Awa ndi matenda akumtundu amene mafuta a cholesterol amaunjikana m'maselo n'kuwononga ubongo, ndipo amagwira kwambiri ana. Mankhwalawo adawasungunula ndi HPBCD. Pofika mu 2009, magulu a ofufuza ku Dallas ndi ku New York adaonetsa kuti mbewa zopatsidwa HPBCD yekha, popanda mankhwala aja, zinkakhalanso ndi moyo wautali. Chimene ankachiyesa chonyamulira chabe ndi chimene chinkagwira ntchito yaikulu, chifukwa cholesterol nayenso amakwana m'chidebe chija.

Pali zinanso zofunika kuzidziwa. M'bale wake wa HPBCD, methyl-beta-cyclodextrin, amagwiritsidwa ntchito dala pochotsa cholesterol pa khungu la maselo, ndipo akachuluka maselowo amafa. HPBCD nayenso, pa mlingo waukulu, wagonthetsa makutu a mbewa ndi amphaka a m'kafukufuku.

N'chifukwa chake wofufuza wosamala amakhala ndi gulu lina la maselo kapena mbewa limene limalandira chosungunulira chokha, pa mlingo wofanana ndendende. Popanda gulu limeneli, akhoza kutamanda mankhwala opanda mphamvu, kapena kutaya mankhwala abwino chifukwa cha vuto limene labwera ndi chosungunulira. Kulakwitsa kotere kumawononga ndalama ndi zaka zambiri, ndipo odwala amene akudikira thandizo ndi amene amavutika.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidzaima kutsogolo kwa ana a sekondale n'kuwauza kuti poyesa chinthu pafunika china chofananitsira. Ana ambiri amaona ngati lamuloli ndi longolembera mayeso. Nkhani ya mbewa za Niemann-Pick ingatithandize kuwaonetsa kuti botolo limene mulibe mankhwala liyenera kuyezedwa mosamala ngati mabotolo ena onse.