CHIMANGA CHAFUMBWA M'THUMBA: KODI CHALAKWIKA NCHIANI?

Nkhani ya pa wailesi yokambidwa ndi Mlangizi wa za Malimidwe

Lero ndifuna tikambirane za dandaulo limene alangizi timva chaka ndi chaka poyenda m'midzi. Munthu anena kuti, "Ndinagula mankhwala ndi ndalama zanga, ndinathira m'chimanga, koma pofika Okutobala thumba lonse linali ufa wokhawokha." Pakhomo pamabuka mkangano. Bambo aloza mayi chala kuti sanathire bwino, mayi nayenso ati bambo anagula mankhwala achabe. Mwini tsoka ndi mwana, amene adzagona ndi njala mu Febuluwale. Tsono tiyeni tione pamene zinthu zimalakwika, pakuti kawirikawiri malo ake ndi atatu: poumitsa, pogula ndi pothira.

Poyamba mumdziwe mdani wanu. Nankafumbwe wamng'ono tinali naye kuyambira kale, ndipo makolo athu ankamgonjetsa posunga chimanga cha makolo ndi makoko ake m'nkhokwe. Koma masiku ano alipo wina, nankafumbwe wamkulu, amene kwao ndi ku Central America. Anafika ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo kuno anayamba kuoneka ku Karonga kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Ameneyu aboola makoko, aboola chitsononkho, aboola makaka a chinangwa, ngakhale mitengo ya nkhokwe imene. Akonda kwambiri chimanga chosatonola. Nchifukwa chake tikuuzani kuti chimanga chikauma mutonole msanga. Sitinyoza nzeru za makolo ai, koma mdani uyu makolo sanakumane naye.

Malo oyamba olakwika ndi poumitsa. Chimanga chosauma bwino sichisungika, ngakhale muthire mankhwala abwino chotani. Chimachita chuku, ndipo mtundu wina wa chuku utulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene aononga chiwindi. Poizoni ameneyu satha ndi kuphika. M'chaka cha 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chotere. Chimanga choyenera kusunga ndi chimene madzi ake sapitirira magawo 13 pa 100 alionse. Mufunsa kuti, "Nanga ife tidziwa bwanji, popeza tiribe makina oyesera?" Njira iripo. Tengani botolo la galasi louma bwino, ikanimo chimanga chodzaza dzanja ndi mchere wouma pang'ono, tsekani, ndi kukhutchumula kanthawi. Lisiyeni pang'ono, mukhutchumulenso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume, chibwerere padzuwa. Yanikani pa mphasa, pa mkeka kapena pa thandala, osati pa dothi. Musachite phuma, kuona maso a nkhono nkudekha.

Malo achiwiri ndi pogula, ndipo apa mpamene ambiri alirira ndalama zao. Nyengo yokolola ikafika, pamsika padzaza anthu ogulitsa ufa woyera m'timapepala topanda dzina, nanena kuti ndi Actellic wotsika mtengo. Wina ndi mankhwala otha mphamvu chifukwa chokhalitsa padzuwa, wina ngosakaniza ndi phulusa kapena ufa wamba. Ndi maso simungasiyanitse. Chimene mungathe kuona ndi ichi: botolo likhale lomata, losatsegulidwapo, likhale ndi dzina la mankhwala, malangizo a kathiridwe, ndi tsiku limene mankhwalawo adzatha mphamvu. Gulani m'sitolo yokhala ndi chilolezo chogulitsira mankhwala a mbeu, ndipo pemphani lisiti. Boma liri ndi bungwe loyang'anira mankhwala otere, la Pesticides Control Board, ndipo mlangizi wa kwanu angathe kukuthandizani kufikitsako dandaulo. Koma popanda lisiti ndi botolo lake, mlandu wanu ulibe mboni. Ngati simudziwa kuwerenga, pitani ndi mwana wa sukulu. Palibe manyazi pamenepo, safunsa anadya phula.

Ndichenjeze makamaka za mapiritsi amene ena aponya m'matumba a chimanga. Mapiritsi amenewa atulutsa mpweya wakupha, ndipo anapangidwira anthu ophunzitsidwa, ogwira ntchito m'nyumba zazikulu zosungiramo mbeu. Mpweyawo sukhala m'thumba mokha, utuluka ndi kudzaza m'nyumba. Ambiri a ife tigona nyumba imodzi ndi matumba athu, ndipo ana agona pafupi ndi matumbawo. Musawagule, musawalowetse m'nyumba.

Malo achitatu ndi pothira. Ena agula mankhwala enieni, koma pofuna kuti akwanire matumba ambiri achepetsa muyeso. Kutero nkutaya mankhwala ndi chimanga pamodzi. Tsatani muyeso wolembedwa pa botolo. Petani chimanga, chikhuthulireni pa lona kapena pa simenti yosesa, wazani mankhwala, ndi kutembenuza ndi fosholo kangapo kufikira mbeu zonse zitayera mofanana. Mangani kansalu pamphuno ndi pakamwa, ana akhale kutali, ndipo mukatha sambani ndi sopo. Matumba akale muyambe mwawachapa m'madzi otentha, chifukwa anankafumbwe a chaka chatha abisala m'misoko.

Tsopano iripo njira ina yosafuna mankhwala konse, ndiyo matumba osalowa mpweya. Odziwika kwambiri ndi a PICS, amene anakonzedwa ndi akatswiri a sukulu ya ukachenjede ya Purdue ku America, poyamba kuti asungiremo khobwe ku Cameroon ndi maiko oyandikana nawo. Thumba limodzi liri ndi matumba atatu: awiri a pulasitiki m'kati, ndi saka wamba kunja. Chinsinsi chake nchapafupi. Nankafumbwe apuma monga ife. Mukamanga thumba, iye amaliza yekha mpweya wotsala m'katimo, aleka kudya, aleka kuswana, kenaka afa.

Koma pamenepanso pali madandaulo. Wina ati, "Ndinagula thumba lodula, koma chimanga chafumbwa ndithu." Tikapita kukaona, tipeza kuti pulasitiki inabooka, kapena anamanga matumba atatu onse ndi chingwe chimodzi. Chitani chotere. Musanachoke m'sitolo, werengani ngati matumba alidi atatu. Kolani mpweya m'thumba la pulasitiki lirilonse, gwirani kukamwa kwake, ndi kulipsinja. Likaphwa, ndiye kuti nlobooka, libwezeni pomwepo. Pothira chimanga chotsani tizitsotso ndi zidutswa za zitsononkho zimene zingalase pulasitiki. Musadzaze mpaka pakamwa. Finyani mpweya utuluke, potani kukamwa kwa thumba la m'kati, pindani ndi kumanga. Chitani chimodzimodzi ndi lachiwiri palokha, ndi lachitatu palokha. Sanjani matumba pa mitengo, asagunde pansi kapena khoma, ndipo sesani pozungulira kuti makoswe asapeze pobisala. Musatsegule tsiku ndi tsiku. Mukatsegula, tapani chokwanira kupita nacho ku chigayo, ndi kumanganso msanga. Thumba losamalidwa bwino ligwira ntchito zaka zitatu, kotero kuti mtengo wake muugawe patatu musananene kuti ladula.

Nanga mugule matumba angati, kapena mankhwala ochuluka bwanji? Funso ili bambo asayankhe yekha. Amene adziwa masiku amene thumba litha pakhomo ndi mayi, pakuti ndiye apita ku chigayo, ndiye agwira mthiko. Khalani pansi awiri muwerenge. Tinene kuti thumba la makilogalamu 50 likutherani masabata awiri. Ndiye kuti pa mwezi mudya matumba awiri, ndipo kuyambira Meyi kufikira Malichi, miyezi 11, mufuna matumba 22. Onjezanipo a maliro, a alendo ndi a aganyu. Amenewa ndiwo oyamba kuteteza, ndipo asagulitsidwe. Chotsala pamenepo ndicho chogulitsa. Mudziwa nonse kuti chimanga chimatsika mtengo pokolola ndi kukwera m'miyezi ya njala. Wogulitsa chakudya cha ana ake mu Juni poopa nankafumbwe adzachigulanso mu Januwale pa mtengo wowawa.

Potsiriza ndilankhule ndi inu mafumu. Itanani anthu anu pabwalo kukolola kusanathe, ndipo muitane mlangizi adzaonetse kuyesa ndi mchere ndi kamangidwe ka thumba pamaso pa onse, amai ndi abambo. Mabanja angapo asonkhe ndalama, atume anthu awiri okhulupirika ku sitolo yodziwika, abwere ndi lisiti. Wogulitsa mankhwala a m'timapepala akafika m'mudzi mwanu, mumfunse chilolezo chake. Muonetsetsenso kuti nkhalamba ndi amasiye athandizidwa kutonola ndi kumanga matumba ao, chifukwa nankafumbwe wa m'nyumba imodzi auluka ndi kulowa m'nyumba za onse.

Sabata ya mawa tidzakambirana za kasungidwe ka mtedza ndi nyemba. Tsalani bwino nonse.