Kanema akakana kutseguka sindiye kuti waonongeka

Chaka ndi chaka kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, Achewa a m'boma la Chifunde amatulukira pachipata cha Cassacatiza kulowa ku Chanida m'dziko la Zambia, paulendo wokachita nawo mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, kufupi ndi Katete. Masiku ano ambiri pobwerera amakhala atajambula magule ndi mafumu awo m'mafoni kuti akaonetse okalamba omwe adatsala kumudzi.

Koma chisangalalochi nthawi zina chimathera pakhomo pa mnyamata wokonza makanema. Mwini foni amapempha kuti zidutswa zonse zilumikizidwe, koma zikaikidwa pakompyuta, pulogalamu yolumikizira makanema imangoonetsa mdima, mwina mawu okha ndiwo amamveka, mwinanso imakaniratu kutsegula. Apa mkangano umabuka: mwini kanema amati mnyamatayo waononga, mnyamatayo amati foni ndiyo idajambula zowola. Choipitsitsa nchakuti ena amafufuta kanemayo chifukwa chokhumudwa, chonsecho anali bwinobwino. Akakhala wa ukwati kapena maliro a kholo, ndiye kuti wapita mpaka kalekale.

Vuto lotereli silachilendo. M'zaka za m'ma 1990, nthawi ya makaseti a vidiyo, kaseti yochokera ku America kapena ku Japan inkavuta m'makina ambiri a kuno kaamba koti maiko amenewo ankagwiritsa ntchito njira ya NTSC, pomwe Mozambique, Zambia ndi Malawi ankatsata njira ya PAL. Kasetiyo inali yabwino, makina ndiwo sankaimva.

Kanema wa m'foni ali ngati kalata ya m'envulopu. Zilembo zomwe zimakhala kumapeto kwa dzina lake, monga MP4, MOV, AVI kapena MKV, ndiyo envulopuyo. Chiyankhulo chomwe kalatayo yalembedwa ndicho akatswiri amachitcha codec, kutanthauza njira yopanikizira zithunzi kuti zisadye malo ambiri. Anthu a m'malire muno akudziwa bwino kuti envulopu ziwiri zikhoza kufanana, koma ina muli Chipwitikizi, ina muli Chingerezi. Nchifukwa chake MP4 wina amatseguka pomwe MP4 mnzake akukana pakompyuta yomweyo.

Codec yomwe pafupifupi makina onse amaimva ndi H.264, yomwe idatuluka m'chaka cha 2003. M'chaka cha 2013 kudabwera H.265, yomwe imatchedwanso HEVC. Iyi imasunga kanema wooneka bwino pamalo ochepa, ndipo mafoni a iPhone adayamba kujambula nayo mu 2017. Mafoni ena a Android nawonso ali nayo. Tsoka ilo, makompyuta akale ndi mapulogalamu akale saidziwa, ndipo ngakhale makompyuta ena a Windows 10 amafuna kuwaonjezera kapulogalamu kotchedwa HEVC Video Extensions.

Tsono wokonza makanema wanzeru amayamba wakopera kanemayo pamalo ena, nkusiya woyambayo osamukhudza. Kenaka amamutsegula ndi VLC, pulogalamu yaulere yomwe idayambira pasukulu ina ya ukachenjede ku Paris, yomwe imayenda ndi ma codec akeake. Kanema akaonetsa mu VLC, ndiye kuti ngwamoyo, vuto lili ndi pulogalamu yolumikizirayo. Pamalo polembedwa Codec Information, VLC imanenanso codec yomwe ili m'katimo.

Zikapezeka kuti ndi HEVC, mankhwala ake nkumusandutsa H.264 pogwiritsa ntchito HandBrake, pulogalamu inanso yaulere. Kungosintha dzina kuchoka pa MOV kupita pa MP4 sikuthandiza, chifukwa kumeneko nkusintha envulopu kalata ili yomweyo.

Vuto lachiwiri ndi la mawu kusiyana ndi milomo, kapena ng'oma kumveka wovina ataponda kale. Mafoni ambiri sajambula zithunzi zochuluka mofanana pasekondi iliyonse. Kukachita mdima kapena foni ikatentha, chiwerengerocho chimatsika, ndipo mapulogalamu ena olumikizira amasokonezeka nazo. Posandutsa kanemayo mu HandBrake, munthu asankhe polembedwa Constant Framerate, ndipo nthawi zambiri mawu ndi zithunzi zimayambanso kuyendera limodzi.

Lachitatu ndi kanema woyenda modukiza. Kanema wa 4K ali ndi timadontho tochuluka kanayi kuposa wa 1080p, kotero laputopu yakale imalemedwa ngati njinga yosenza matumba anayi a chimanga pachitunda. Kumuchepetsa kufika pa 1080p kapena 720p kumapeputsa katunduyo, ndipo pawailesi yakanema yaing'ono kusiyana kwake sikuoneka kwenikweni.

Ntchito ikatha, pamatsala kuganizira komwe kanemayo akaonetsedwe. Makina ambiri akale a DVD okhala ndi polowetsa flash amamva AVI wa Xvid kapena DivX, osati MP4 wamakono. Komanso flash kapena memory card yokonzedwa m'njira ya FAT32 siilandira fayilo imodzi yopitirira 4GB, ngakhale malo atakhalapo ambiri. Kanema wamtali wa ukwati ayenera kudulidwa pawiri kapena patatu.

Alipo ndithu makanema omwe amaonongeka zenizeni. Foni ikazima batire litatha kujambula kuli m'kati, MP4 amatha kutsala wopanda gawo lomwe limalondolera makina pomwe pali chithunzi chilichonse, chifukwa gawoli limalembedwa pomaliza. Chimodzimodzi munthu akazula khadi kukopera kusanathe, kapena netiweki ikaduka potsitsa kanema pa WhatsApp. Makhadi achinyengo, omwe amalembedwa kuti ngaakulu pomwe m'kati ngaang'ono, nawonso amameza makanema mwakachetechete. Njira yodziwira nkuyerekeza kukula kwa fayilo ya m'foni ndi yomwe yakopedwa. Zikasiyana, akoperenso.

Kupewa kumaposa kuchiza. Wa iPhone, asananyamuke kupita kumwambo, alowe pa Settings, Camera, Formats nkusankha Most Compatible, ndipo foni idzajambula mu H.264. M'mafoni a Samsung, chosankha cha HEVC chimapezeka m'makonzedwe a kamera ndipo chimatheka kuchizimitsa. Achibale a ku Tete, Lusaka kapena Johannesburg potumiza kanema woti akonzedwe, ndi bwino amutumize ngati Document pa WhatsApp kuti asapanikizidwe nkutaya kuwala kwake.

Chachikulu pa zonsezi nchakuti mwini foni asafufute kanema wake kufikira ataona ndi maso kuti wokonzedwayo akuonetsa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pamakina omwe akaonetsere abale ake kumudzi. Khadi lina munthu akhoza kugula pamsika, koma agogo ovina chimtali paukwati wa mdzukulu wawo sadzabwereza tsiku limenelo.