Mutu 7: Chilangizo Chisamachedwe

Pali bodza limene lakhazikika pakati pa makolo, aphunzitsi, ngakhalenso akuluakulu ena a kumphakati. Bodzalo ndi lakuti Mpingo wa Katolika umaletsa kuphunzitsa ana za thupi lawo ndi za kugonana. Mphunzitsi wa Life Skills akafika pa mutu wa kutha msinkhu amangolumpha tsambalo, amvekere, "Ino ndi sukulu ya mishoni, abambo mfumu angamve." Chonsecho wansembe amene amawerenga zolemba za Mpingo wake akamva, chimene angadandaule n'chakuti tsambalo lalumphidwa.

Zolembazo zilipo, ndipo si zadzulo. Mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata cha zamaphunziro chotchedwa Gravissimum Educationis, ndipo m'menemo maepiskopi anagwirizana kuti ana akamakula aziphunzitsidwa za kugonana mwanzeru komanso mosawaopseza. Mu 1981 Papa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata yake yonena za banja ya Familiaris Consortio, ananena kuti udindowu ndi wa makolo ndipo sukulu imangowathandiza. Mu 1983 nthambi ya zamaphunziro ya ku Vatican inalemba malangizo a aphunzitsi pa nkhani yomweyi. Mu 1995 nthambi yoona za mabanja inalemba ena a makolo. Ndipo mu 2016 Papa Francis, mu Amoris Laetitia, anapatula ndime zingapo za mutu wachisanu ndi chiwiri kuti afotokoze chifukwa chake maphunzirowa ali ofunika. Palibe ngakhale chimodzi mwa zikalatazi chimene chimalamula kuti pakhale chete. Zimene zimakambamo ndi zoti alankhule ndani, liti, ndipo motani.

Tiona zinthu zisanu motsatana: woyamba kulankhula, nthawi yolankhulira, zimene sizinafike pa msinkhu wa mwana, zimene ayenera kumva, ndi kumene angathawire zinthu zikavuta.

Woyamba kulankhula ndi kholo. Kulemba n'kosavuta, koma m'nyumba zathu zambiri bambo satchula zoterezi pamaso pa mwana wake wamkazi, ndipo mayi amachita manyazi ndi mwana wake wamwamuna. Makolo athu akale sanali opusa. Ankadziwa za manyaziwa, n'chifukwa chake ntchitoyi ankaipereka kwa agogo, azakhali, amalume ndi anamkungwi. Mpingo nawo uli ndi alangizi ake. Choncho sukulu isamaumirire kuti mayi aliyense akhale pansi ndi mwana wake yekha. Ingoonetsetsa kuti banja lasankha munthu wolankhula, ndipo makolo aone mabuku asanafike m'manja mwa ana. Sukulu zathu za Katolika eni ake ndi madayosizi, koma aphunzitsi amalipidwa ndi boma ndipo silabasi ndi ya boma, yolembedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi. Kholo limene silinaonepo buku la Life Skills limakhulupirira mphekesera iliyonse yomwe lamva pachitsime.

Tsopano nthawi yake, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Vuto lalikulu la chilangizo, cha kumudzi ndi cha kutchalitchi chomwe, n'chakuti chimafika zinthu zitachitika kale. Mtsikana amalangizidwa atatha msinkhu. Ndiye kuti tsiku loyamba kuona magazi limamupeza asakudziwa kanthu, mwina ali m'kalasi, pakati pa anyamata, atavala yunifolomu yoonetsa banga lililonse. Ena amaganiza kuti avulala kapena alodzedwa. Ena amabisa kwa miyezi, akumajomba kusukulu masiku angapo mwezi uliwonse, ndipo aphunzitsi amangowalemba kuti ndi aulesi. Mnyamata ndiye salangizidwa n'komwe. Mawu akayamba kukula, akayamba kudzikodzera umuna kutulo, aphunzitsi ake amakhala anzake a kudambo ndi mavidiyo a pafoni ya mkulu wake.

Mlimi amalambulira nkhokwe udzu usanaume, sadikira kuti aone utsi kaye. Ndi mmene ziyenera kukhalira ndi mwana. Atsikana ambiri amayamba kusamba ali ndi zaka zapakati pa 11 ndi 15, koma ena amayamba ali ndi zaka 9 kapena 10, ndipo mabere amayamba kumera pafupifupi zaka ziwiri kusamba kusanayambe. Choncho kufotokoza za msambo kwa mtsikana wa zaka 9 si kufulumira ayi. Ngakhale chikalata cha 1995 chija, chimene ambiri amachidziwa ngati chokhwimitsa zinthu, chimati atsikana akonzekeretsedwe pa zosintha za m'thupi lawo, ndipo anyamata athandizidwe kumvetsa zawo asanazimve kwa anthu osayenera.

Chikalata chomwecho chimatchula nyengo ya ubwana wosalakwa, kuyambira zaka pafupifupi 5 mpaka kutha msinkhu, n'kunena kuti mwana asasokonezedwe ndi nkhani za kugonana zosafunika pa nthawiyi. Anthu ofuna kulumpha tsamba amakonda kugwira mfundo imeneyi. Koma taonani kalasi yeniyeni. Chiyambire maphunziro aulere mu 1994, makalasi athu ndi odzaza, ana ena amayamba sukulu mochedwa, ndipo ambiri amabwereza. Mu Sitandade 5 imodzi mumakhala kamwana ka zaka 10 komwe kakuseweretsabe zidole zadothi, ndi mtsikana wa zaka 15 amene akufunsiridwa kale ndi wakabaza pamsika. Mukati mudikire Sitandade 8, wa zaka 15 uja mwina sadzafikako. Mukati muwauze onse zofanana, kamwana kaja kamva zimene sikanafunse. Cholakwa chimene sukulu zambiri zimachita ndi kuyeza msinkhu ndi kalasi. Yezani ndi zaka ndi thupi la mwana. Agaweni m'magulu ang'onoang'ono masana ena, atsikana paokha ndi mphunzitsi wamkazi kapena amayi a Mother Group, anyamata paokha ndi bambo wodalirika.

Ndipo poti tatchula zolakwa, nazi zina zimene zimaononga phunziro labwinobwino. Choyamba ndi kuphunzitsira mayeso. Life Skills imalembedwa pa mayeso a Sitandade 8 pamodzi ndi zaluso, ndiye mphunzitsi amalemba pabolodi mndandanda wa zizindikiro za kutha msinkhu m'Chingerezi, ana n'kuloweza, n'kukhoza, koma osadziwa kuti mndandandawo ukunena za iwo. Nkhani ya thupi la mwana ifotokozedwenso m'chilankhulo chimene mwanayo amalirira akapwetekedwa. Chachiwiri ndi kuopseza. Phunziro lonse likakhala la Edzi, mimba ndi moto wa kugehena, mwana amaphunzira kuti thupi lake ndi chinthu chonyansa, pamene chiphunzitso cha Katolika chimayambira poti thupi linalengedwa ndi Mulungu ndipo ndi labwino. Mwana wochita manyazi ndi thupi lake ndi amene amakhala chete munthu akamugwiririra, poganiza kuti tchimo ndi lake. Chachitatu ndi kuseka. Mphunzitsi akangoseka funso limodzi, kapena akalola kalasi kukuwiza mtsikana amene wadetsa diresi, palibe mwana adzafunsenso chaka chonsecho. Kabokosi koponyamo mafunso opanda dzina kamathandiza kwambiri pamenepa.

Palinso ena amene amati kuuza mwana n'kumupatsa chilakolako choyesa. Tiyeni tione zimene kukhala chete kwatipatsa. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, mimba ndi maukwati a ana zinachuluka m'maboma ambiri. Ana amenewa sanaonongeke ndi buku la Life Skills.

Nanga kamwana ka Sitandade 1 kamve chiyani? Zochepa, koma zofunika. Kadziwe kuti ziwalo zobisika ndi zake, palibe woyenera kuzigwira kapena kuziona kupatula pomusambitsa kapena kuchipatala mayi ali pomwepo. Kadziwe kuti kakhoza kukana ngakhale kwa munthu wamkulu, ngakhale kwa amalume, aphunzitsi kapena munthu wa kutchalitchi. Ife timalera ana kuti azigwada ndi kumvera, ndipo ndi ulemu wabwino, koma ogwiririra ambiri ndi anthu amene mwana amawadziwa, ndipo amadalira ulemu womwewo. Kadziwenso kuti chinsinsi chimene munthu wamkulu wakagulira switi kapena zigege n'choyenera kuulula. Zonsezi zimaphunzitsika popanda kutchula n'komwe za kugonana, ndipo zikhoza kubwerezedwa ku Tilitonse, gulu la ana kutchalitchi.

Okulirapo aphunzire za ubwenzi, kudziletsa, kulemekezana pakati pa anyamata ndi atsikana, ndi ukwati ngati sakramenti. Za makondomu ndi njira zolerera, Mpingo ndi mabungwe ena sagwirizana, ndipo sukulu ya Katolika idzaphunzitsa kudziletsa. Mkangano umenewo usakhale chifukwa chosiyira zina zonse.

Za kothawira, ana aloweze nambala yaulere ya 116 ndipo adziwe mphunzitsi mmodzi amene angamuuze chilichonse. Adziwe kuti lamulo la maukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zinaletsa ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, komanso kuti kuyambira 1993 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Mwana akaulula kuti wagwiriridwa, nkhaniyo si yokambirana ndi mbuzi kwa amfumu kapena kuithera kunyumba ya ansembe. Ipite kuchipatala pasanathe maola 72, kuti alandire mankhwala omuteteza ku kachilombo ka HIV, ndiponso kupolisi.

Inu ahedi, inu a komiti ya sukulu, inu amayi ndi abambo a kumphakati, itanani msonkhano wa makolo teremu isanathe. Ikani buku la Life Skills patebulo, muwerenge limodzi masamba amene akhala akulumphidwa, ndipo musabalalike musanagwirizane kuti atsikana a zaka 9 awalankhula ndani, anyamata awalankhula ndani, ndiponso tsiku liti.