Mizinda ya mu Africa: Lagos Island ndi sukulu yomwe inalera otsutsa atsamunda

Sabata ino tafika ku Lagos Island, chilumba chomwe eni ake, Ayoruba, amachitcha Eko. Mzinda wonse wa Lagos unaphukira pano. Milatho itatu, ya Carter, Eko ndi Third Mainland, ndiyo imalumikiza chilumbachi ndi kumtunda, ndipo m'mawa uliwonse imadzaza ndi maminibasi achikasu otuta anthu opita kumsika wa Balogun ndi kumabanki a mu Broad Street. Angerezi analanda chilumbachi mu 1861, ndipo Lagos inakhala likulu la Nigeria kuyambira 1914 mpaka 1991, pomwe boma linasamukira ku Abuja.

Pakati pa piringupiringu ameneyu, pafupi ndi bwalo la Tafawa Balewa, pali sekondale ya anyamata ya King's College. Inatsegulidwa pa 20 September 1909 ndi ophunzira 10 okha. Amishoni anali atatsogola kale, pakuti CMS Grammar School inayamba pachilumba chomwechi mu 1859. Koma boma la atsamunda linkafuna sukulu yakeyake, yosula anyamata odziwa Chingerezi bwino oti adzaligwirire ntchito m'maofesi.

Zinthu zinatembenuka mu 1944. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, asilikali anatenga nyumba zogona za pasukulupo, ndipo anyamata anawasamutsira kumalo osalongosoka m'tauni. Anadandaula, koma akuluakulu anatseka makutu. Atanyanyala, ambiri anamangidwa, ndipo 8 mwa iwo anawalowetsa usilikali mokakamiza. Makolo ndi anthu a m'Lagos anapsa mtima poona ana asukulu akulangidwa motero chifukwa chopempha pogona pabwino. Bungwe la ophunzira la Nigerian Union of Students linaitanitsa msonkhano, ndipo mu August chaka chomwecho kunabadwa chipani cha NCNC. Mtsogoleri wake anali Herbert Macaulay, mwana wa mbusa yemwe anayambitsa CMS Grammar School, ndipo mlembi wake anali Nnamdi Azikiwe, yemwe pambuyo pake anadzakhala pulezidenti woyamba wa Nigeria.

Anthony Enahoro, yemwe anaphunzira pa King's College, ndiye anaimirira m'nyumba ya malamulo mu 1953 n'kupempha kuti Nigeria idzilamulire. Patatha zaka 7, pa 1 October 1960, mbendera ya Angerezi inatsitsidwa pabwalo lija loyandikana ndi sukuluyi, lomwe nthawiyo linali la mpikisano wa mahatchi.

Komatu kuphunzira pamodzi sikunaletse kusiyana maganizo. Pankhondo yapachiweniweni ya 1967 mpaka 1970, Chukwuemeka Odumegwu Ojukwu, yemwenso anadutsa pasukuluyi, ankatsogolera Biafra, chigawo cha Aigbo ambiri chomwe chinkafuna kupatukana ndi Nigeria, pomwe Enahoro anali mneneri wa boma lomwe linkamenyana naye. Anthu ochuluka zedi anafa, makamaka ana, chifukwa cha njala. Nkhondoyo itatha, wophunzira wina wakale wa pasukuluyi, Alex Ekwueme, Muigbo, anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa pulezidenti mu 1979, ndipo ambiri anaona kuti bala layamba kupola.

Lero King's College ili m'manja mwa boma lalikulu la Nigeria ndipo imalandira anyamata ochokera m'zigawo zonse za dzikolo. Malo atachepa, anatsegula nthambi ina ku Victoria Island. Bungwe la ophunzira akale limathandiza kukonza nyumba ndi kugula zipangizo. Ntchito yaikulu ya sukuluyi tsopano ndiyo kuika Myoruba, Muigbo ndi Mhausa m'kalasi imodzi ali aang'ono, kuti adziwane asanamve zomwe andale amanena za mitundu yawo. Dziko lomwe linalawapo nkhondo ya pachibale likufunika sukulu zotere, ndipo liyenera kuzisamala.